APINA: Mbiri ya Bungwe Lolondola Utsi Wodutsa Malire

Kwa Tengani munthu akaima pagombe la Shire n'kuyang'ana kutsidya, dziko akulionalo ndi Mozambique. Akatembenukira kumapiri a kumadzulo, kuseri kwake ndi Mozambique yemweyo. Boma la Nsanje lazunguliridwa mbali zitatu, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, tchire likamapsa tsidya lino ndi tsidya linalo, utsi umayala chigwa chonse mpaka phiri la Chiperone kubisika dzuwa lili pamutu. Mu utsiwo muli wa osaka mbewa, wa ososa minda, wa mauvuni a njerwa ndi makala, wa nzimbe zotenthedwa ku Nchalo zisanadulidwe, komanso wina wochokera kutali kumene ambiri a ife sitidapondeko. Palibe mfumu, DC kapena nduna imene ingauloze n'kunena kuti uwu ndi wathu, uwo ndi wa eni ake. Bungwe la Air Pollution Information Network for Africa, lomwe pofupikitsa amati APINA, lidakhazikitsidwa mu 1997 chifukwa cha vuto limeneli. Malawi ndi limodzi mwa mayiko asanu ndi awiri amene bungweli lidagwiramo ntchito, pamodzi ndi Botswana, Mozambique, South Africa, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Amene akulowa kumene m'makomiti a zachilengedwe m'chigwa muno ndi bwino aidziwe mbiri yake, chifukwa zina mwa zomwe akupemphedwa kuchita lero zidaphukira kumeneko.

Gwero la nkhaniyi lili ku Sweden. Malasha ndi mafuta zikamayaka, kapena miyala ya mkuwa ikamasungunulidwa m'ng'anjo, mumatuluka mpweya wa salufa ndi wa nayitirojeni. Mpweyawu ukakumana ndi chinyezi m'mwamba umasanduka asidi, n'kubwerera pansi ndi mvula, nkhungu kapena fumbi. Pa muyeso wa pH, nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Mvula yabwinobwino imakhala cha pa 5.6, pamene ya m'madera a mafakitale imatsika kufika cha pa 4.3, ndipo kusiyana kooneka kochepako ndi asidi wowirikiza pafupifupi ka 20. Robert Angus Smith adalemba za mvula yotere ku Manchester mu 1872, koma anthu adadzidzimuka kwenikweni mu 1967, pamene katswiri wa za nthaka wa ku Sweden, Svante Odén, adalengeza kuti nyanja za kwawo zikuwonongeka ndi utsi wa mafakitale a ku Britain ndi a pakati pa Ulaya. Nyanja zikwizikwi za ku Sweden ndi Norway zidatsala madzi oyera mbee opanda nsomba. Mayiko eni utsi adayamba n'kukana. Sweden adaitengera nkhaniyi ku msonkhano wa United Nations wa ku Stockholm mu 1972, ndipo mu 1979 ku Geneva kudasainidwa pangano loyamba pa dziko lonse lothana ndi utsi wodutsa malire. Adasaina a mbali ya America ndi a mbali ya Soviet Union omwe, ngakhale adali asakumwerana madzi. Kuchokera mu 1980, salufa wotayidwa m'mwamba ku Ulaya watsika ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse.

N'chifukwa chake ndalama zoyambitsira APINA zidachokera ku Sida, nthambi ya boma la Sweden yothandiza mayiko ena, kudzera mu pologalamu ya RAPIDC yomwe inkayendetsedwa ndi Stockholm Environment Institute. A ku Sweden adaliona vutoli m'nyanja zawo, ndipo adafuna kuti madera amene mafakitale akukula kumene asadikire nsomba kufa. Pologalamu yomweyo idathandizanso mayiko a kummwera kwa Asia kufika pa mgwirizano wa ku Malé mu 1998.

Kuno kummwera kwa Africa chochititsa nkhawa chidalipo kale. Ku Mpumalanga, ku South Africa, kuli malo opangira magetsi a malasha oposa khumi a kampani ya Eskom, oyandikana m'dera limodzi. Ku Mufulira, ku Zambia, ng'anjo ya mkuwa yakhala ikufuka kuyambira mu 1937, ndipo utsi wake wa salufa, umene anthu a kumeneko amautcha senta, udadya malata a nyumba ndi kuumitsa nthaka ya komboni ya Kankoyo mpaka masamba kukanika kumera. Ku Selebi-Phikwe, ku Botswana, kudalinso ng'anjo ina yotere. Pamwamba pa zonsezi pali moto wa tchire wa chaka ndi chaka, kuchokera ku Angola ndi Congo mpaka ku Mozambique. Akatswiri a zanyengo adali ataonetsa kuti m'chilimwe mphepo ya m'dera lino imazungulira pamwamba pa mayikowa kwa masiku angapo isanatulukire kunyanja, moti utsi wa dziko limodzi umatha kuyendera mayiko angapo n'kubwereranso kwawo. Kafukufuku wamkulu wa SAFARI 2000 adajambula kuchokera m'mlengalenga utsi wautali kwabasi ukutsetserekera ku nyanja ya Indian Ocean.

Msonkhano woyamba waukulu wa APINA udachitikira ku Harare mu 1998. Udasonkhanitsa asayansi ndi akuluakulu a maboma m'chipinda chimodzi, ndipo ndicho chidali cholinga chenicheni cha bungweli: kuti zomwe akatswiri akupeza zisamathere m'mashelefu a yunivesite, zizifika pa tebulo la opanga malamulo. Padatuluka chikalata chotchedwa Harare Resolution, momwe mayiko adavomereza kuti utsi wodutsa malire ndi vuto la dera lonse, napempha SADC kuti ikonze pangano lake pa nkhaniyi. Kwa munthu wa m'chigwa cha Shire ganizo loti zakumwamba n'za tonse si lachilendo. Makolo athu ankatumiza zopereka zopempha mvula ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi kuchokera kutsidya lino ndi kumadera omwe lero ali mu Mozambique, malire a atsamunda asadadulidwe. Koma maboma amakono amagwira ntchito ndi mapepala osainidwa, ndipo pepala la ku Harare lidali loyamba.

Zaka zoyambirira zidali zowawa. Kupatula South Africa, mayiko ambiri adalibe malo oyezera mpweya mosalekeza, choncho pa msonkhano munthu akafunsa kuti utsi wa dziko lanu ndi wochuluka bwanji, yankho lodalirika padalibe. Maboma nawo adali ndi maliro ena. Edzi idali itafika pachimake, Mozambique idamira m'madzi osefukira mu 2000, chigwa cha Shire chidasefukira mu 2001, ndipo njala ya 2002 idatsatira. Nduna imene anthu ake akudya mizu n'kovuta kuiuza za pH ya mvula. Padalinso chovuta china chimene pamisonkhano sichitchulidwa mokweza: ng'anjo ndi malo a magetsi otulutsa utsiwo ndiwo msana wa chuma cha mayiko eni ake, ndipo abale athu ambiri a ku Joni ndi ku migodi ya ku Zambia ankadyera pomwepo. Kenaka mu 2001 SADC idasintha kayendetsedwe kake. Nthambi ya zachilengedwe ndi nthaka, imene inkayendetsedwa kuchokera ku Lesotho ndipo ndiyo idalandira pempho la ku Harare, idathetsedwa pamene ntchito zonse zidasamukira ku likulu ku Gaborone. Pempholo lidagona m'njira.

Bungweli silidamange likulu lakelake. Ofesi ya mlembi idali ku Institute of Environmental Studies ya University of Zimbabwe, ndipo utsogoleri unkagawana ndi sukulu ya zamigodi ya University of Zambia. Ofesi ya ku Harareyo idagwirabe ntchito ngakhale mu 2007 ndi 2008, ndalama ya Zimbabwe itasanduka mapepala chabe. M'dziko lililonse mudali woimira bungwe, wolumikiza akatswiri a m'mayunivesite ndi a m'maofesi a boma oona zachilengedwe ndi zanyengo. Ntchito yeniyeni inkachitika m'magulu ang'onoang'ono a akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana, gulu lililonse ndi funso lake.

Gulu lina lidapatsidwa kuwerengera utsi. Lidakonza buku la njira imodzi yowerengetsera, kuti dziko lililonse litenge malasha, dizilo, petulo, nkhuni ndi makala zomwe limatentha pa chaka, kuphatikizapo kukula kwa tchire lopsa, n'kupeza kuchuluka kwa mpweya woipa umene limatulutsa. Ntchitoyi imaoneka yozizira, koma popanda iyo mayiko sangakambirane, chifukwa aliyense amaloza mnzake. Gulu lina linkayeza mpweya weniweniwo ndi tizipangizo tating'ono ngati chitsekero cha botolo, tosafuna magetsi, tomwe amatipachika panja kwa milungu ingapo n'kutitumiza ku labotale. Ena adakhoma timapepala ta chitsulo, zinki ndi mkuwa pamodzi ndi timiyala panja ku Johannesburg, Harare, Kitwe ndi Magoye, kuti aone kuti dzimbiri likudya msanga bwanji m'tauni ya migodi poyerekeza ndi kumudzi. Padalinso oona za umoyo wa anthu, oona za kayendedwe ka utsi m'mwamba pogwiritsa ntchito kompyuta, ndi oona za mbewu.

Zomwe zidadziwika m'zaka zimenezo n'zofunika kuzinena mosabisa, chifukwa zimasintha chimene munthu wa kwa Tengani ayenera kuopa. Mvula ya asidi ilipodi kummwera kwa Africa. Miyeso ya ku Amersfoort, pafupi ndi malo a magetsi a ku Mpumalanga, ndi ya ku Louis Trichardt, kutali ndi mafakitale, idaonetsa mvula ya pH yosafika 5, ndipo kutali ndi mafakitaleko gawo lalikulu la asidiyo limachokera ku moto wa tchire ndi zomera. Koma chiwonongeko chake chimadalira nthaka imene mvulayo yagwerapo. Dothi la makande la ku Ngabu ndi dothi lobwera ndi madzi la m'madimba a Shire lili ndi laimu ndi mchere wokwanira kufooketsa asidi, ndipo fumbi la m'chilimwe limathandizanso. Nthaka yosachedwa kuvulala ndi yofiira, yokokoloka ndi mvula yambiri, monga ya ku Mulanje ndi Thyolo, imene ili kale ndi asidi. Choncho amene angauze mlimi wa m'chigwa muno kuti mapira ake apserera ndi mvula ya asidi akumusocheretsa.

Choopsa chenicheni pa mbewu zathu ndi mpweya wa ozoni. Uwu si ozoni wa kumwambamwamba wotiteteza ku dzuwa. Ndi wa pansi pano, umene umapangika utsi wa moto, wa galimoto ndi wa mafakitale ukawombedwa ndi dzuwa lamphamvu. Suoneka ndi maso. Umalowa m'timabowo topumira ta tsamba n'kufooketsa mbewu, ndipo mlimi amangoona kuti zokolola zachepa, naganiza kuti ndi feteleza kapena ng'amba. Akatswiri amati ukapitirira magawo 40 pa biliyoni kwa maola ambiri, mbewu zimayamba kuvutika. Kafukufuku wa CAPIA, amene adayang'ana makamaka chimanga, adaonetsa kuti mlingo umenewu umapitiriridwa m'madera ena a dera lino. Gulu la zambewu la APINA lidaphunzitsa akatswiri njira yotsika mtengo yodziwira vutoli: kubzala mitundu iwiri ya kachomera kotchedwa clover, wina wosapirira ozoni ndi wina wopirira, n'kuyerekeza kakulidwe kake. Ndimaona kuti m'ntchito zonse za bungweli, iyi ndiyo idayenera kufika ku Chikwawa ndi Nsanje ndi mphamvu. Kuno dzuwa ndi loswa mtengo, moto wa tchire ndi wa chaka chilichonse, ndipo nthawi imene utsi umachuluka ndi yomwe chimanga, nyemba ndi mbatata za m'madimba zili m'munda. Thonje ndi nyemba zili m'gulu la mbewu zosapirira ozoni.

Pa umoyo wa anthu, umboni wa m'chigwa muno udabwera pambuyo pake, kuchokera kwa ena. Kafukufuku wa CAPS, amene adachitika ku Chikwawa ndi Karonga ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2017, adatsatira ana oposa 10,000 kuti aone ngati mbaula zamakono zosafuka kwambiri zingachepetse chibayo. Chibayo sichidachepe. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo adatchula n'chakuti mwana sapuma utsi wa pamafuwa wokha. Amapumanso wa zinyalala zotenthedwa ndi wa kwa anansi. Mfundo imene APINA idaimapo pakati pa mayiko idaonekera pakati pa makomo: khomo limodzi likasintha, ena onse osasintha, chifuwa cha mwana sichipepukidwa.

Pa mbali ya maboma, bungweli silidagwe mphwayi. Msonkhano wachiwiri udachitikira ku Maputo mu 2003, wa mayiko onse a kummwera kwa Sahara ku Nairobi mu 2006, ndipo mu Malichi 2008 mayiko a SADC adagwirizana ku Lusaka pa ndondomeko imodzi ya dera lonse, yomwe imadziwika kuti Lusaka Agreement. Apa ndi pamene zaka khumi za khama zidabala chipatso chogwirika. Mgwirizanowu umakhudza mafuta ndi galimoto, mafakitale ndi migodi, kutentha tchire ndi zinyalala, utsi wa m'nyumba, kuyeza mpweya ndi kuphunzitsa anthu. Udalimbikitsanso madera ena, moti kum'mawa kwa Africa adasaina wawo ku Nairobi chaka chomwecho, ndipo kumadzulo ndi pakati pa Africa ku Abidjan mu 2009.

Chimene chidayenda bwino kwambiri ndi mafuta. Mtovu udali utachotsedwa kale mu petulo m'mayiko a kummwera kwa Sahara pofika Januwale 2006, potsatira mgwirizano wa ku Dakar wa 2001. Ku Lusaka mayiko adalonjeza kutsitsa salufa wa m'mafuta kufika pa magawo 500 pa miliyoni pofika 2010, kenaka 50. Zidachedwa, koma mu 2017 Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, amene amagulira mafuta kudzera m'madoko amodzimodzi, adasamukira ku dizilo wa magawo 50. Lole iliyonse yodutsa pa Tengani mumsewu wa M1 ndi injini iliyonse ya chigayo ikutulutsa salufa wochepa kuposa kale, ngakhale mwini chigayo sadamvepo dzina la APINA. Chimene chidakanika ndi moto wa tchire ndi utsi wa pamafuwa, chifukwa izi sizisintha ndi siginecha ya nduna. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi akuphikirabe nkhuni ndi makala. Komanso mgwirizano wa ku Lusaka ulibe mano: dziko lolephera kusunga lonjezo silipatsidwa chilango, mosiyana ndi mapangano a ku Ulaya omwe amapatsa dziko lililonse mlingo wosadumpha.

Pologalamu ya RAPIDC itatha kumapeto kwa zaka za m'ma 2000, mawu a APINA adazilala. Ili ndi bala la mabungwe ambiri athu, ndipo limandiwawa: ntchito yoyeza mpweya imafuna zaka makumi osadukiza kuti ionetse kanthu, koma tidaisiya m'manja mwa thandizo la zaka zitatu kapena zinayi. Pamene bungwe linkafooka, utsi unkasendera kufupi. Mgodi waukulu wa malasha ku Moatize, m'chigawo cha Tete, udayamba kukumba mu 2011. Sitima zake zina zimalowa m'Malawi cha kwa Chapananga m'boma la Chikwawa popita ku Nacala, zina zimatsika ndi njanji ya Sena kudutsa ku Mutarara, kufupi ndi malire a Nsanje. Mu Okutobala 2018 anthu okhala pafupi ndi mgodiwo adaimitsa ntchito podandaula fumbi. Kwathu kuno, ganizo lomanga malo opangira magetsi a malasha ku Kam'mwamba m'boma la Neno lakhala likukambidwa kwa zaka zambiri. Kumene kwapepuka kuliponso: ng'anjo ya Selebi-Phikwe idatsekedwa mu 2016, ya Mufulira idaikidwa makina ogwira salufa n'kumusandutsa asidi wogulitsa, ndipo mu Malichi 2022 khoti lalikulu ku Pretoria lidagamula kuti mpweya woipa wa ku Highveld, dera la malo a magetsi a ku Mpumalanga aja, ukuphwanya ufulu wa anthu wa m'malamulo a dziko.

Ntchito imene APINA idayamba ili lero m'manja mwa maofesi angapo. M'Malawi, lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1996, lidakhazikitsa bungwe la MEPA. Ndilo limaunika ntchito zikuluzikulu zisanayambe, kupereka ziphaso kwa otulutsa utsi ndi kulanga ophwanya malamulo, ndipo lamulo lomwelo limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi wokadandaula kukhoti. Ku Nsanje ndi Chikwawa khomo lake ndi ofesala wa zachilengedwe wa ku khonsolo, amene amalandira nkhani kuchokera ku ma ADC ndi ma VDC. Ku Zambia kuli ZEMA, yomwe idalowa m'malo mwa khonsolo yakale ya zachilengedwe mu 2011. SADC idasaina pangano lake la zachilengedwe mu 2014. Mu 2022 African Union, UNEP ndi anzawo, mothandizidwa ndi Stockholm Environment Institute yomwe ija, adatulutsa kauniuni wa Africa yense wotchula njira 37 zochepetsera utsi m'zamayendedwe, m'nyumba, m'zamagetsi, m'ulimi ndi m'zinyalala. Adawerengera kuti njirazi zitatsatidwa, imfa 200,000 pa chaka zingapewedwe pofika 2030. Pamenepo padachokera pologalamu ya mpweya wabwino ya Africa yense, ndipo mu 2024 msonkhano wa zachilengedwe wa United Nations ku Nairobi udagwirizana zolimbikitsa mayiko oyandikana kugwirira limodzi pa nkhani ya utsi.

Kwa makomiti a kwa Tengani zolinga zimenezi zili ndi nkhope yodziwika. Pali malamulo a m'midzi oletsa kuyatsa tchire, amene amagwira ntchito pokhapokha mafumu a mbali zonse za malire atamvana, poti moto wa kumapiri a Matandwe ndi Mwabvi suima pa mwala wa malire. Pali kukwirira mapesi m'malo motentha, mbaula za Chitetezo, ndi njerwa za simenti pa zomangamanga za boma. Pali kupempha kuti zipangizo zoyezera mpweya, zomwe masiku ano zatsika mtengo, ziikidwe pa malo a zanyengo monga a ku Ngabu ndi m'masukulu, ndi kuti zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi za m'madera monga amachitira ndi za mvula. Ndipo pali ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikuchokera ku Kapichira kulinga ku Bangula kuti ithirire mahekitala oposa 43,000. Magulu a alimi amene akupangidwa m'mbali mwake ndiwo adzasankhe mbewu zobzala, ndipo kumene kudzabzalidwe nzimbe adzayenera kugamula ngati zizitenthedwa kapena zizidulidwa zaziwisi. Makomiti ali ndi mpata wofunsa funso limeneli pa misonkhano younika ntchitoyi, madzi asanafike m'minda.